Mapanga Awiri: Chikhulupiriro, Kukhulupirika ndi Dziko

Mawu awiri a Chichewa, chikhulupiriro ndi kukhulupirika, adaphuka pa tsinde limodzi. Liwu loyamba limanena za zimene munthu wagwiritsa mumtima mwake pa za Mulungu. Lachiwiri limanena za khalidwe la munthu amene anzake angamudalire. Popeza mawuwa ndi apachibale, anthu ambiri amaganiza kuti zinthu zimene akutchulazo nazonso zimayendera limodzi: kuti wopembedza weniweni ndiye nzika yomvera, ndipo wokana lamulo la boma m'dzina la Mulungu wake wagulitsa dziko. Oganiza chonchi amatsamira pa mwambi wakale uja woti mapanga awiri avumbwitsa. Kwa iwo, munthu amene ali ndi mfumu ina kumwamba, yoposa mfumu ya pansi pano, ndi wa mitima iwiri, ndipo tsiku la nkhondo sadziwika kumene adzaime. Maganizowa amakoma m'khutu, koma mbiri ya mzinda wa Johannesburg, umene Amalawi adautcha Joni, pamodzi ndi mbiri ya anthu amene adadutsamo, ikusonyeza kuti mfundo imeneyi ndi yofunika kuimasula bwino.

Nkosavuta kuona kumene maganizowa adachokera. M'chaka cha 1897, Enoch Sontonga, mphunzitsi wa pa sukulu ya mishoni ya Methodist pafupi ndi Johannesburg, adapeka nyimbo ya Nkosi Sikelel' iAfrika. Idali pemphero loimbidwa ndi ana asukulu. Patapita zaka, idasanduka nyimbo ya omenyera ufulu, ndipo maimbidwe ake adalowa m'nyimbo za fuko za Tanzania ndi Zambia, kenako gawo lake lidalowa m'nyimbo ya fuko ya South Africa. Nyimbo ya fuko ya Malawi, imene Michael Sauka adapeka, nayonso ndi pemphero. Motero mwana wa kuchigawo chino cha Africa amakula akuimirira pamaso pa mbendera kwinaku milomo yake ikupemphera. Safunsa kuti pemphero lathera pati ndipo ndale zayambira pati, chifukwa zonse amazilandira m'mbale imodzi. Vuto limadza tsiku limene boma lalamula chinthu chimene pempherolo likukana.

Palibe anthu amene adasakaniza mpingo ndi fuko koposa Maburu a m'zaka za m'ma 1900. Mpingo wawo wa Dutch Reformed udali msana wa mtundu wawo. Bungwe lachinsinsi la Broederbond, limene lidayambika ku Johannesburg m'chaka cha 1918, lidalumikiza abusa, aphunzitsi ndi andale kuti atukule mtunduwo. D.F. Malan, amene adakhazikitsa boma la tsankho atapambana chisankho cha 1948, adali m'busa asadalowe ndale. Abusa ambiri adaphunzitsa kuti kulekanitsa mitundu ndi chifuniro cha Mulungu, ndipo wofunsa mafunso ankamuwerengera chaputala 13 cha kalata ya Paulo kwa Aroma, pamene pali langizo la kugonjera aulamuliro. Nkhaniyi si yachilendo kwa olankhula Chichewa. Amishoni a mpingo womwewu, ochokera ku Cape, ndiwo adafika ku Mvera m'chaka cha 1889 nadzakhazikitsa Nkhoma, ndipo William Murray, mmodzi wa iwo, ndiye adatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika limene lidatuluka m'chaka cha 1922. Chaputala chimene chinkatseka anthu pakamwa ku Transvaal chinkawerengedwanso ku Dowa ndi ku Dedza.

M'nyumba yotereyi ndimo mudabadwira Beyers Naudé m'chaka cha 1915, ku Roodepoort, kumadzulo kwa Johannesburg. Bambo ake adali m'busa komanso mmodzi mwa oyambitsa Broederbond. Iye adaphunzira ku Stellenbosch, nakhala m'busa, nalowa Broederbond akadali wachinyamata. Pofika 1960 adali kutumikira mpingo wa Aasvoëlkop, m'dera la anthu opeza bwino kumpoto chakumadzulo kwa mzindawu, ndipo njira yokwera pa maudindo aakulu a mpingo idali yolambulidwa kale. Ngati padali munthu amene chikhulupiriro chake ndi chikondi cha mtundu wake zidali chingwe chimodzi, adali iyeyu.

Pa 21 Malichi 1960 apolisi adawombera anthu ochita zionetsero ku Sharpeville, napha anthu 69 malinga ndi chiwerengero cha boma. M'mwezi wa Disembala chaka chomwecho, nthumwi za mipingo zidasonkhana ku Cottesloe, ku Johannesburg, pa msonkhano umene bungwe la World Council of Churches lidaitanitsa. Zimene adagwirizana sizidali zoopsa: kuti pasakhale Mkhristu wotsekeredwa kunja kwa tchalitchi chifukwa cha khungu lake, ndi kuti Baibulo silipereka chifukwa choletsera ukwati wa anthu osiyana khungu. Nthumwi za Dutch Reformed zidavomera. Koma nduna yaikulu ya boma, Hendrik Verwoerd, itadzudzula poyera, masinodi adakana mfundozo m'chaka cha 1961, ndipo ambiri mwa amene adavomera adabwerera m'mbuyo mmodzimmodzi. Naudé sadabwerere.

M'chaka cha 1963 adasankhidwa kukhala mtsogoleri wa sinodi ya kummwera kwa Transvaal, ndipo chaka chomwecho adathandiza kukhazikitsa bungwe la Christian Institute, losonkhanitsa Akhristu a mitundu yonse. Mpingo udamuuza kuti asankhe chimodzi. M'mwezi wa Seputembala adalalikira ku Aasvoëlkop kuchokera pa Machitidwe 5:29, pamene atumwi akuyankha bwalo la akulu kuti pakati pa Mulungu ndi anthu, woyamba kumvera ndi Mulungu. Potsanzikana ndi mpingowo adavula mkanjo wake waubusa pamaso pa anthu. Abale ake a mtundu umodzi adamutcha wachiwembu. Anzake akale adaleka kumupatsa moni. Pa 19 Okutobala 1977 boma lidatseka bungwe lake lija ndi kumuika pa chiletso chimene chidatha m'chaka cha 1984: sankaloledwa kutuluka m'boma la Johannesburg, kukumana ndi anthu oposa mmodzi pa nthawi imodzi, kapena kuti mawu ake asindikizidwe. M'zaka zimenezo adalowa mpingo wa anthu akuda ku Alexandra, ndipo atamwalira m'chaka cha 2004 phulusa lake lidamwazidwa komweko. M'chaka cha 2001 msewu waukulu umene unkatchedwa D.F. Malan udapatsidwa dzina la Beyers Naudé.

Pali yankho lapafupi pa nkhani ngati iyi: mbiri idamuweruza kuti adalondola, choncho adali wokhulupirika. Yankholi ndi lopereweza. M'chaka cha 1963 palibe adadziwa kuti tsankho lidzagwa, ndipo munthu sangadikire zaka makumi atatu kuti adziwe ngati chimene akuchita lero ndi chiwembu kapena chikondi. Komanso Naudé sadatuluke m'nyumba ya makolo ake ndi manja oyera kotheratu. Adapereka zikalata zachinsinsi za Broederbond kwa mnzake wa maphunziro a zaumulungu, Albert Geyser, ndipo zidakathera m'nyuzipepala ya Sunday Times. Lumbiro la chinsinsi lidasweka. Amene adamutcha wosakhulupirika adali ndi choloza. Funso lenileni tsono ndi lakuti: kodi kukhulupirika n'chiyani, ndipo munthu amakhulupirika kwa yani pamene malumbiro ake awiri aombana?

Chichewa chenichenicho chimathandiza pano. Kukhulupirika ndi liwu la mtundu wa kuoneka, kumveka, kutheka, kudyeka. Limanena za mkhalidwe wa chinthu pamaso pa ena: chooneka ndi chimene ena angachione, wokhulupirika ndi amene ena angamukhulupirire. Kumvera ndi liwu lina, lonena za khutu ndi lamulo. Galu wophunzitsidwa bwino amamvera aliyense wogwira chingwe chake. Mlonda wokhulupirika sachita chimodzimodzi: mwini nyumba ataledzera n'kumuuza kuti atenthe nkhokwe, mlondayo amakana, ndipo m'mawa mwini nyumbayo amadziwa kuti ali ndi munthu pakhomo. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale Dr. Hastings Kamuzu Banda, pamene adaika ngodya zinayi za ulamuliro wake, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, adatchula kukhulupirika ndi kumvera ngati ngodya ziwiri. Chilankhulo chidamukakamiza kuzisiyanitsa. Ulamuliro wake udazisandutsa ngodya imodzi, ndipo nyumba ya ngodya zosakwana imapendekeka.

Kutchula Banda pano si kuchoka ku Joni, chifukwa nkhani ya Malawi pa funsoli idadzera mumzinda womwewu kawiri. Banda ali mnyamata adagwira ntchito pa mgodi wa Witwatersrand Deep ku Boksburg, kum'mawa kwa Johannesburg. Kumeneko adalowa mpingo wa African Methodist Episcopal, mpingo wa anthu akuda wokana kulamulidwa ndi azungu, ndipo mpingowo ndiwo udamuthandiza kupita ku America kukaphunzira m'chaka cha 1925. Zaka zingapo iye asadafike, Mtonga wina wa ku Nkhata Bay, Elliot Kamwana, adagwirako ntchito m'chipatala cha pa mgodi ku Johannesburg, napita ku Cape Town kumene Joseph Booth adamuphunzitsa ziphunzitso za Watch Tower. Kamwana adabwerera kwawo m'chaka cha 1908, nabatiza anthu zikwizikwi m'miyezi yochepa, akulalikira za ufumu umene ukudza wopanda msonkho wa atsamunda. Boma lidamugwira m'chaka cha 1909 ndi kumuchotsa m'dziko, ndipo sadabwerere kudzakhazikika mpaka 1937. Gulu lake lidadzapatukana ndi bungwe la ku America, koma mbewu ya Chitawala idali itagwa kale m'nthaka. Njira ya ku migodi idabweretsa ku Malawi munthu amene adadzalamulira dziko, ndiponso chiphunzitso chimene chidadzakana kumugwadira.

Kukumana kwawo kudachitikira pa kachinthu kakang'ono: khadi la chipani. Malawi atakhala dziko la chipani chimodzi m'chaka cha 1966, khadi la Malawi Congress Party lidasanduka chiphaso cha moyo wa tsiku ndi tsiku. Achinyamata a chipani ankaima pa zipata za misika ndi pokwerera basi kufunsa khadi. A Mboni za Yehova adakana kugula. Msonkho ankakhoma, malamulo a dziko ankasunga, zida sadanyamule. Chimene adakana ndicho kulembedwa m'chipani cha ndale, pakuti chiphunzitso chawo chimati Mkhristu asalowe ndale za dziko lililonse. M'mwezi wa Okutobala 1967 boma lidaletsa chipembedzo chawo. Msonkhano waukulu wa chipani wa 1972 udagamula kuti achotsedwe ntchito ndi kupirikitsidwa m'midzi. Nyumba zidatenthedwa, amayi adagwiriridwa, anthu adaphedwa. Zikwi zambiri zidathawira ku Sinda Misale, kum'mawa kwa Zambia, ndi ku Mozambique. Atabwezedwa m'chaka cha 1975, ambiri adatsekeredwa ku Dzaleka, ku Dowa. Chiletso chidachotsedwa m'mwezi wa Ogasiti 1993.

Anthu oganiza bwino ankafunsa pa nthawiyo kuti: kodi munthu n'kufera kapepala ka matambala? Bwanji osagula n'kusunga chikhulupiriro mumtima? Funsoli lili ndi mayankho mbali zonse ziwiri. Ngati khadi lidali kapepala chabe, chipani sichikadapha munthu chifukwa cha ilo. Mbali zonse zidadziwa kuti khadilo lidali lumbiro, loti m'dziko muno mulibe ngodya ya moyo wa munthu imene chipani sichifikako. Wokana khadi adali umboni woyenda woti ngodya yotero ilipo. Ndipo mlandu woti a Mboni adali akazitape a adani a dziko umagwa munthu akangoyang'ana kunja kwa malire. Boma la tsankho ku South Africa, limene Banda adapangana nalo ubale m'chaka cha 1967, linkatsekera anyamata a Mboni chifukwa chokana usilikali. Boma la Frelimo, mdani wa boma la tsankholo, lidawasamutsira ku misasa ya m'boma la Milange. Boma la Hitler lidawatsekera m'misasa yachibalo zaka makumi atatu m'mbuyomo. Maboma anayi osiyanasiyana adapeza mlandu umodzi pa anthu omwewo. Kazitape amakhala ndi mbuye wina pansi pano, anthuwa adalibe.

Komabe nkofunika kusiyanitsa kukana kwa a Mboni ndi kukana kwa Naudé. A Mboni sadafune kukonza boma. Sadachite zionetsero zotsutsa tsankho, sadaponye voti pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 imene idathetsa ulamuliro wa chipani chimodzi, ngakhale idawapindulira. Wotsutsa angathe kunena kuti munthu wokhala chete pamene mnansi wake akuzunzidwa, n'kumati ndale si zake, wasunga manja ake oyera pa mtengo wa magazi a ena. Chidzudzulochi chili ndi mphamvu. Naudé adakana chifukwa chokonda mtundu wake ndi kuopa kuti ukudziwononga. Sadaleke kulankhula Afrikaans kapena kudzitcha Mburu. A Mboni adakana chifukwa adaona kuti maufumu onse a pansi pano ndi akanthawi. Woyamba adali m'bale wodzudzula, achiwiri adali ngati alendo m'mudzi mwawo momwe. Dziko lili ndi ngongole yosiyana kwa aliyense: wodzudzula ayenera kumvedwa, wodzipatula mwamtendere ayenera kulekedwa. Koma pa mfundo imodzi awiriwa amakumana: onse adakumbutsa boma kuti si Mulungu.

Mwambo wa Achewa sudaone kudzudzula mfumu ngati chiwembu. Mfumu yatsopano isadaonekere pabwalo imabindikiritsidwa, ndipo akuluakulu ndi anamkungwi amaiuza mosabisa zimene mfumu sichita. Makolo adati wakutsina khutu ndi mnansi. Wodutsa m'njira akaona mwana akusewera ndi moto amapitirira. Wotsina khutu ndi amene nyumba yake ingapse pamodzi. Mabishopu a Katolika ku Malawi adachita ngati mnansi wotere pa 8 Malichi 1992, pamene kalata yawo idawerengedwa m'matchalitchi, yotchula umphawi, kutsekera anthu popanda mlandu ndi mantha olankhula. Boma lidati kalatayo ndi youkira, apolisi adawafunsa mafunso, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu adathamangitsidwa m'dziko. Patangopita miyezi khumi ndi isanu, anthu ambiri adavotera zimene kalatayo idayambitsa. Amene adatchedwa oukira adali atanena zimene dziko linkanong'ona.

Apa pali dzenje lina loyenera kulipewa. Munthu atamva za Naudé ndi mabishopu angaganize kuti chipembedzo ndicho chikumbumtima cha dziko nthawi zonse. Mbiri yomweyi ikukana. Abusa amene adakana Cottesloe adali ochuluka kuposa amene adaima nayo, ndipo ankawerenga Baibulo lomwelo. Banda adali mkulu wa mpingo. Pamene a Mboni ankapirikitsidwa m'chaka cha 1972, mipingo ikuluikulu ya ku Malawi sidaime poyera kuwateteza. Padapita zaka makumi awiri kuti mawu amveke, ndipo pa nthawiyo moto udali utafika pakhomo pa aliyense. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ku Johannesburg, m'mwezi wa Ogasiti 1988, bomba lidaphulitsa Khotso House, likulu la bungwe la South African Council of Churches, limene Naudé adalitsogolera kuyambira 1985 mpaka 1987. Adriaan Vlok, nduna yoyang'anira apolisi amene adavomera mlanduwu pamaso pa bungwe la Truth and Reconciliation Commission, adali munthu wopita kutchalitchi. Chikalata cha Kairos, chimene azaumulungu adalembera ku Soweto m'chaka cha 1985, chidaloza zomwezi: pali zaumulungu zodalitsa boma lililonse, ndipo pali za mpingo wolalikira mtendere popanda kutchula chilungamo. Dzina la Mulungu palokha silisonyeza mbali imene munthu waima.

Ngati choncho, kodi kukana kochokera m'chikumbumtima kungasiyanitsidwe bwanji ndi liuma wamba, kapena ndi kutentheka koopsa? Boma lili ndi chifukwa chomveka choopera. Dziko limene aliyense amasankha lamulo lomukomera silingaime. Muyeso woyamba ndi kufunsa kuti mtengo wa kukanako akulipira ndani. Naudé adataya udindo wake, anzake ndi ufulu wake. Wa Mboni adataya nyumba yake ndi munda wake. Onsewa adakana poyera, nalandira chilango pa thupi lawo. Koma pa mliri wa chikuku wa 2010 ku Malawi, pamene anthu a mipingo ina adabisa ana awo kuti asalandire katemera, mtengo udagwera ana amene sadasankhe kanthu, pamodzi ndi ana a anansi. Pamenepo boma lidali ndi ufulu wolowerera. Wophulitsa bomba m'dzina la Mulungu ali kutali koposa: iye amalipiritsa ena moyo wawo. Chikumbumtima chimene chimasenza katundu wake chokha n'choyenera ulemu, ngakhale kwa amene sagwirizana nacho. Chimene chimasenzetsa ofooka chiyenera kuimitsidwa, ndipo malire amenewa amagwira wokhulupirira ndi wosakhulupirira mofanana.

Muyeso wachiwiri umakhudza boma ndi mtundu: kodi chikondi cha dziko chimachita chiyani ndi munthu amene alibe khadi? Johannesburg adayankha funsoli mowawa m'mwezi wa Meyi 2008. Ziwawa zolimbana ndi obwera zidayambira ku Alexandra, kumene phulusa la Naudé lidamwazidwa, nizifalikira madera ena. Anthu 62 adaphedwa, ndipo 21 mwa iwo adali nzika za South Africa zimene zidaganiziridwa kuti ndi zobwera. Boma la Malawi lidatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Ochita ziwawawo sankadziona ngati zigawenga. Ankati akuteteza dziko. M'zaka zomwezo tchalitchi cha Central Methodist, pa msewu wa Pritchard pakati pa mzinda, chidatsekula zitseko kwa othawa kwawo, ambiri a ku Zimbabwe, mpaka anthu zikwi zingapo ankagona pa masitepe ndi m'makonde. Bishopu Paul Verryn adadzudzulidwa ndi akuluakulu a boma, amalonda oyandikana nawo ndiponso ena a mpingo wake. Madandaulo ena adali oona: malowo adadzaza kopitirira, ukhondo udasowa, ndipo padamveka nkhani za ana ochitiridwa nkhanza. Chifundo chopanda dongosolo nachonso chili ndi ovulala ake. Koma malamulo aakulu a South Africa a 1996 amalonjeza ulemu wa umunthu kwa aliyense wokhala m'dzikomo. Pakati pa onyamula zikwanje ndi wotsekula chitseko, amene adasunga lonjezo la dzikolo ndi wotsekula chitseko.

Chithunzi cha pa chipata chidabweranso. Gulu la Operation Dudula, limene lidayambira ku Soweto m'chaka cha 2021, lidafika poimika anthu ake pa zipata za zipatala kufunsa odwala ziphaso. Mmalawi wachikulire wokhala ku Joni, amene adaona achinyamata a chipani ataima pa chipata cha msika wa kwawo, sangalephere kuzindikira kaimidweko. Dzina la pepala lasintha, koma funso ndi lomwe lija: sonyeza kuti ndiwe wathu, apo ayi sulowa. Ndipo Dzaleka, kumene a Mboni adatsekeredwa chifukwa chosowa khadi, adasanduka msasa wa othawa nkhondo m'chaka cha 1994. Dziko limene ana ake amadandaula za nkhanza za ku Joni lili ndi alendo akeake oti liwayankhire.

Mitundu ya anthu ili ndi chizolowezi cholemekeza okana akamwalira. Nthano za ku Khulubvi, ku Nsanje, zimasimba za Mbona, wodziwa kuitana mvula, amene adathawa a ulamuliro naphedwa, kenako kachisi wake adasanduka malo amene mafumu omwewo ankapitako kukapempha mvula. John Chilembwe, m'busa wa ku Mbombwe, adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times m'chaka cha 1914 kutsutsa zotengera Aafirika ku nkhondo ya azungu. Atsamunda adamuona ngati woukira mfumu, ndipo kuukira kwake kwa Januwale 1915, kumene kudakhetsa magazi, kudathera pa imfa yake. Malawi wodzilamulira adaika nkhope yake pa ndalama ndi kumupatsa tsiku la chikumbutso. Naudé adapatsidwa msewu. Ulemu woterewu ndi wotsika mtengo, pakuti wakufa satsinanso khutu. Chovuta ndi kupirira wokana wamoyo, amene sizidadziwike ngati walondola, amene mwina ndi wamakani, wosasangalatsa, ndipo mwina walakwitsa pa zina.

Choncho mwambi wa mapanga awiri uyenera kumveka m'malo mwake. Umachenjeza munthu wothamanga uku ndi uku posaka pomukomera, ndipo munthu wotero alipo m'ndale ndi m'mipingo momwe: lero atamanda wolamulira uyu, mawa wina, ndipo khadi lililonse latsopano amagula tsiku loyamba. Ameneyo ndiye wa mitima iwiri, ngakhale kuti maboma amamukonda. Naudé ndi a Mboni adavumbwa ndithu, koma chifukwa chokhala pa phanga limodzi pamene mvula idatembenukira komweko. Munthu amene ali ndi malire odziwika, amene anganene pasadakhale chimene sadzachita ngakhale atamuopseza, ndiye amene mnansi angamusungitse mwana, ndipo dziko lingamusungitse chuma chake. Malirewo ena amawapeza m'chipembedzo, ena m'umunthu umene adaphunzira kwa makolo, ndipo boma lilibe chida choyezera kuti enieni ndi ati. Chimene boma lingachite ndi kufunsa kwa nzika zake msonkho, kusunga malamulo oteteza anzawo ndi mtendere, n'kusiya mtima kwa mwini wake. Boma lofuna mtimawo limapeza khamu la omvera, ndipo tsiku limene lasokera pamasowa wolibweza.